Chipatala choyamba ndi nyumba: phunziro lochokera ku Ntcheu

M'chaka cha 1992, pa ana 1,000 alionse obadwa amoyo m'dziko muno, ana 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'chaka cha 2024 anapeza kuti chiwerengerochi chatsika kufika pa 48. Amayi athu achikulire, amene ena mwa iwo anaika m'manda ana atatu kapena anayi, safunika kuwamasulira manambalawa. Pa ichi tiyenera kunena kuti Alhamdulillah.

Koma chaka cha 2025 chinabwera ndi nkhani yodetsa nkhawa. Mu Januwale boma la America linaimitsa thandizo lake lopita kumaiko ena, ndipo pofika pakati pa chaka bungwe la USAID linali litatsekedwa. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka la zomwe zimagwira ntchito zaumoyo m'Malawi zakhala zikuchokera kunja. Ndi zomwe zakhala zikugula masikito, zoyezera malungo ndi mankhwala otalikitsa moyo. Choncho banja lililonse liyenera kudzifunsa: thandizoli likamachepa, ndi ziti mwa zabwino zomwe tapezazi zidzakhalebe nafe, nanga ndi ziti zidzatithawe?

Yankho tingalipeze kwa anansi athu a ku Ntcheu. Amene timachita geni ya usipa ndi utaka timaidziwa misika ya Lizulu ndi Kampepuza, ndipo mbatatesi, kabichi ndi tomato zambiri zomwe timadya kunyanja kuno zimatsika kuchokera kumapiri a kumeneko. Msewu wochokera ku Salima kupita ku Balaka umadutsa pa Kasinje, Sharpevale ndi Bilira, ndipo mtsinje wa Bwanje umathira m'nyanja yathu yomweyi. Kumadzulo bomali ndi lamapiri ozizira, pomwe kummawa kuli chigwa chotentha chofanana ndi kwathu. M'zaka 130 zapitazi laona nkhondo, msonkho, miliri, othawa nkhondo ndi mabungwe ambirimbiri. Mbiri yake ikutiuza chinthu chimodzi: moyo wa anthu umatalika pamene nyumba, madzi ndi chimbudzi zasintha, ndipo chomwe mudzi sunachitenge kukhala chakechake sichichedwa kutha.

Imfa zomwe palibe anazilemba

Atsamunda analowa m'dziko la Angoni a Maseko ndi mfuti. M'chaka cha 1896 anapha Inkosi Gomani Chikuse ndi kutentha midzi. Pambuyo pa mfuti panabwera msonkho, womwe kuyambira 1894 unali mashilini atatu pa nyumba iliyonse. Boma linkasamala kwambiri kuwerenga nyumba, chifukwa nyumba ndiyo inkabweretsa ndalama. Ngakhale chiwerengero cha anthu akuda m'makalembera oyambirira chinkapezeka mongoyerekeza kuchokera m'mabuku a msonkho. Kalembera weniweni woyamba, wofika khomo ndi khomo, anachitika mu 1966 dziko litalandira kale ufulu.

Lamulo lolembetsa kubadwa ndi kumwalira linalipo kuyambira 1904, koma linkakakamiza anthu osakhala akuda okha. Mzungu akamwalira ku Zomba, dzina lake, tsiku ndi matenda ake zinkalowa m'buku. Mwana akamwalira kwa Njolomole, kwa Ganya kapena kwa Phambala, nkhani yake inkathera pa manda. Imfa yosalembedwa siyifunsa munthu mlandu, ndipo siyisintha kagawidwe ka ndalama. N'chifukwa chake zipatala zoyamba za boma zinali za azungu, asilikali ndi ogwira ntchito m'boma, pomwe chithandizo cha kumidzi chinasiyidwa m'manja mwa mamishoni monga Nzama, yomwe inatsegulidwa mu 1901, Gowa ndi Mlanda. Mpaka lero zipatala zazing'ono zingapo m'bomali ndi za mipingo, ndipo kumeneko munthu amalipira, kupatula pa chithandizo chomwe boma lagwirizana nazo kuti lizilipira, makamaka cha amayi oyembekezera ndi ana.

Msonkho unalowa mpaka m'kamangidwe

Msonkho wa nyumba unasintha momwe anthu ankagonera. Nyumba yowonjezera inkatanthauza msonkho wowonjezera, choncho kunali kwapafupi kupanikizana m'nyumba imodzi kusiyana ndi kumanga ina. Wolephera kukhoma ankatha kutenthedwera nyumba, kapena mkazi wake kugwidwa mpaka ndalama itapezeka. Ndani angataye thukuta kumanga nyumba yolimba akudziwa kuti chaka chamawa ikhoza kusanduka phulusa?

Pofuna ndalama ya msonkho, amuna ananyamuka kupita ku maesiteti a ku Thyolo ndi Mulanje, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Lipoti la boma la 1935 linati amuna pafupifupi 120,000 a ku Nyasaland anali kunja kwa dziko. Ena sanabwererenso, anasanduka machona. Kudula milimo, kumanga phaso ndi kufolera denga inali ntchito ya amuna. Mwamuna akachoka zaka zitatu, denga linkadontha, khoma linkanyowa, ndipo mwana ankagona pansi pozizira. Amene anagonapo ku Tsangano mwezi wa Juni akudziwa chomwe chisanu cha kumeneko chingachite pa chifuwa cha khanda. Obwerako ku migodi ankabwera ndi njinga ndi mabulangete, koma ena ankabweranso ndi chifuwa chachikulu, n'kuchigawira banja lonse m'kanyumba kopanda zenera. Imfa za chibayo m'migodi zinachuluka kwambiri moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha ngati lathu, ngakhale kuti pambuyo pake linadzalolanso.

M'ming'alu ya makoma ndi pansi pa dothi munkabisala nkhufi, zomwe zimaluma usiku ndi kupatsa munthu malungo opita n'kubwereranso. Matekenya anafika kuno m'zaka za m'ma 1890 ndipo anapundula mapazi a ana ambiri. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala a tengatenga, ndipo kumapeto kwa 1918 chimfine choopsa chija chinayenda m'njira zomwezo zomwe ankabwerera kwawo. Nthomba inkabwera zaka zingapo zilizonse. Ambiri mwa matendawa ankafalikira pamalo amodzi: pomwe anthu ankagona.

Lamulo la chikoti ndi munthu wa m'mudzi

Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 atsamunda anapatsa mafumu mphamvu zoika malamulo, kuphatikizapo okumba zimbudzi ndi kusesa m'midzi. Nkhondo yachiwiri itatha anawonjezera malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kumanga migula poteteza nthaka. Zina mwa zimenezi zinali zanzeru ndithu. Vuto linali kabweredwe kake: mesenjala, chindapusa, ndende. Mu 1953 Inkosi Gomani Yachiwiri, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwewa. Boma linaichotsa pa mpando, ndipo inamwalira chaka chotsatira. M'maso mwa anthu, mzere wopingasa ndi chimbudzi zinaoneka ngati katundu wa mtsamunda. Lamulo labwino lobwera ndi chikoti limafa tsiku lomwe chikoti chachoka.

Njira ina inayamba mwakachetechete ufulu utabwera. M'zaka za m'ma 1960 boma linalemba anthu wamba kuti aziyenda m'midzi kutemera nthomba, ndipo matendawa anaoneka komaliza m'Malawi mu 1971. Kolera atalowa m'dziko muno koyamba mu 1973, panalembedwanso anthu oti azithandiza kulimbana naye m'midzi. Gulu limeneli ndi lomwe linakula n'kukhala alangizi a zaumoyo omwe timawadziwa lero, omwe amayeza ana pa sikelo, kupereka katemera, kuthira mankhwala m'zitsime ndi kuchiza malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba pa chipatala cha m'mudzi. Mphamvu ya mlangizi ndi yakuti amadziwa khomo lililonse. Koma mphamvuyi imatha akamakhala pa tauni n'kumabwera pa njinga kamodzi pa sabata chifukwa m'mudzi mulibe nyumba yoti akhalemo. Apanso nkhani ikubwerera pa nyumba.

Pamene Ntcheu inalandira alendo

Pakati pa Lizulu ndi Biriwiri, msewu waukulu wa M1 ndiwo malire: mbali ina Malawi, mbali ina Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula mu 1986, anthu a ku Angonia ndi Tsangano ya ku Mozambique anangodumpha msewu. Pofika 1992 Malawi anali akusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo oposa 100,000 mwa iwo anali m'boma la Ntcheu. Ambiri sanakhale m'misasa yotchingidwa. Anamanga m'midzi momwemo, pakati pa abale awo a chilankhulo chimodzi, n'kumatunga pa chitsime chimodzi ndi kutola nkhuni m'phiri limodzi.

Zaka zimenezo zinasiya zabwino ndi zoipa. Mabungwe anakumba mijigo, anamanga zipinda za sukulu ndi za chipatala. Koma mitengo inatha m'mapiri ambiri, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, alendo atabwerera kwawo, mabungwe nawo anapakira katundu. Mjigo womwe unalibe komiti ndi thumba la ndalama zogulira zipangizo unafa pa kuthyoka koyamba.

Nthawi yomweyo inatiphunzitsanso kanthu kena kudzera m'misasa ya ku Nsanje, komwe othawa nkhondo anali ochuluka koposa ndipo kolera ankabuka kawirikawiri. Ku msasa wa Nyamithuthu ofufuza anapeza kuti madzi ankatuluka pa mjigo ali abwino, koma ankaipa pofika kunyumba chifukwa cha manja ndi makapu olowa mu ndowa. Mabanja omwe anapatsidwa ndowa yovindikira, yothira madzi kudzera pa kamlomo, ana awo aang'ono ankatsegula m'mimba mocheperapo. Chimodzimodzinso makomo omwe munkapezeka sopo. Mjigo ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo lili pa mtsuko wa m'nyumba.

Zomwe zinathandiza, ndi chifukwa chake

Alendo atachoka, Edzi inali itakhazikika kale m'malo ochitira malonda a m'mbali mwa M1, monga m'dziko lonse, ndipo maliro anachuluka mpaka pomwe mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa ulere mu 2004. Kuchokera pamenepo zinthu zinayamba kutembenuka, ndipo Ntcheu inakhala malo oyeserako njira zingapo zomwe tingaphunzirepo.

Yoyamba ndi ya masikito. Chakumayambiriro kwa 2012, bungwe la Concern Universal, mothandizidwa ndi Against Malaria Foundation, linagawa masikito pafupifupi 268,000 m'boma lonse. Chosiyana ndi magawidwe ena chinali kalembera. Asanagawe analemba khomo lililonse ndi malo ogona omwe lili nawo, maina anawerengedwa pagulu pamaso pa mfumu, ndipo atagawa ankabwerera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kukaona m'makomo ena ngati masikitowo apachikidwa. Mabuku a zipatala anaonetsa kutsika kwa odwala malungo m'miyezi yotsatira. Koma sikito imatha pa zaka ziwiri kapena zitatu. Ikang'ambika, mudzi umadikira galimoto ina yochokera kutali.

Yachiwiri ndi ya Inkosi Kwataine. Boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi m'midzi mu 2007, koma kuletsa kokha sikukanafikitsa mayi kuchipatala. M'dera lawo a Kwataine anakhala pansi ndi mafumu aang'ono n'kugwirizana kuti mayi aliyense woyembekezera aziyamba sikelo msanga ndi kukachirira kuchipatala, ndipo banja lophwanya pangano lizilipira chindapusa. Anasankhanso amayi achikulire odalirika, otchedwa amayi achinsinsi, omwe mayi angawauze za pakati pake popanda manyazi, iwo n'kumamutsatira mpaka atachira. Amuna anauzidwa kuti uchembere ndi nkhani yawonso. Mbiri ya derali inamveka, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anawasankha kutsogolera ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse. Amayi ochirira kuchipatala m'Malawi anachoka pa 55 pa 100 alionse mu 1992 kufika pa 91 mu 2015 ndi 2016, ndipo imfa za amayi pa uchembere zinatsika kuchoka pa 1,120 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2000 kufika pa 439.

Wina angafunse: nanga chindapusa cha mfumu chikusiyana bwanji ndi cha mtsamunda? Kusiyana kulipo, chifukwa lamuloli linakambidwa pabwalo ndi eni ake, ndipo olitsatira anali amayi a m'mudzi momwemo. Komabe chindapusa chili ndi ngozi yake. Mayi wosauka amene matenda amuyamba usiku, mvula ikugwa, mtsinje utadzadza, akhoza kubisa kuti wachirira pakhomo, n'kuchedwa kupita ndi khanda kuchipatala poopa kulipira mbuzi. Ndipo kutumiza amayi onse kuchipatala chopanda madzi, magetsi ndi chidikiro chabwino n'kungosamutsa malo a imfa.

Njira yachitatu inayang'ana mbali imeneyo. Kuyambira 2013 maboma a Ntcheu, Dedza, Balaka ndi Mchinji analandira ndalama za Germany ndi Norway zolimbikitsa zipatala kukonza chisamaliro cha amayi, komanso zothandiza mayi pa mayendedwe ndi chakudya kuti akhale pachipatala masiku awiri atachira. M'zaka zomwezo bungwe la CARE linayesa ku Ntcheu njira yoti anthu a m'mudzi ndi ogwira ntchito pachipatala azikhala pamodzi, kupereka malikisi pa momwe chithandizo chikuyendera, n'kugwirizana chokonza. Kafukufuku anaonetsa kuti maulendo a alangizi oyendera amayi oyembekezera m'makomo anachuluka. Njira ya ndalama ija imayenda pomwe ndalama zilipo. Njira ya bwalo imafuna mthunzi wa mtengo, pepala ndi anthu olimba mtima kunena zoona.

Damu la Mpira ndi zimbudzi za ku Balaka

Phunziro lowawa kwambiri ndi la madzi. Damu la Mpira, lomwe lili m'mapiri a Ntcheu kufupi ndi nkhalango ya Mvai, linamangidwa kuti madzi aziyenda okha m'mapaipi kutsikira kumidzi ya Ntcheu, Balaka ndi mbali zina za Mangochi ndi Neno. Kwa zaka zambiri mipopi imeneyi inachotsa mabanja zikwizikwi pa madzi a mumtsinje. Mu 2018 damulo linauma. Mvula inali itachepa, koma mitengo ya kumtunda inalinso itadulidwa, anthu atalima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, dothi n'kukwirira damu. Tauni ya Balaka ndi midzi yambiri zinakhala miyezi popanda madzi a m'mipopi, ndipo amayi anabwerera kuzitsime zosatetezeka. Wowotcha makala ku Mvai ndi mayi wa ku Balaka sadziwana, koma nkhwangwa ya mmodzi inatseka mpopi wa mnzake.

Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 2017, Balaka yomweyo inalengezedwa kukhala boma loyamba kuthetsa mchitidwe wodzithandiza patchire. Kunali chisangalalo. Koma zimbudzi zambiri za m'midzi yathu ndi dzenje, mitengo ndi dothi pamwamba. Mvula yamphamvu ikagwa zimatitimira, ndipo si onse amakumbanso. Kolera atabuka ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, anafalikira maboma onse, Ntcheu ndi Balaka omwe. Anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, kuposa mliri wa 2001 ndi 2002 womwe unapha 968. Mangochi, Salima ndi Balaka anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Ambiri a ife tinataya abale, ndipo tinamva kuwawa koona maliro akuyendetsedwa ndi a zaumoyo ovala zodzitetezera, ife titaima patali. Chikwangwani cholengeza kuti dera lathetsa uve sichiteteza munthu. Chimateteza ndi chimbudzi chomwe chikadalipo mwezi wa Febuluwale.

Denga, khoma ndi pansi

Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 370,000 ku Ntcheu. Wa 2018 anapeza 659,608. Malo ndi omwewo, mapiri ndi omwewo, koma makomo achuluka. M'dziko lonse kalembera yemweyo anapeza kuti nyumba yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse inali ya dothi ndi udzu. Nyumba ya udzu si manyazi, ndipo yofoleredwa bwino imazizira bwino kuposa ya malata. Nkhani ili pa zomwe nyumbayo imalowetsa ndi zomwe imasunga mkati.

Udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo khomo lake lalikulu ndi mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Kutseka mpatawo ndi dothi kapena zidina, ndi kuika waya wa sefa pa mazenera kuti mphepo izilowabe, kumachepetsa udzudzu m'nyumba usiku uliwonse popanda kudikira wogawa. Ming'alu yomatidwa ndi pansi pozira bwino zimachotsa pobisala nsikidzi, nthata ndi matekenya. Ku Ekwendeni, kafukufuku wofalitsidwa mu 2001 anayerekeza ana okhala m'nyumba za njerwa zowotcha, denga la matailosi, pansi pa simenti ndi chimbudzi, ndi anzawo a m'nyumba zachikale m'midzi yomweyo. Ana a m'nyumba zokonzedwazo ankadwala malungo, chifuwa ndi m'mimba mocheperapo kwambiri.

Utsi nawo ndi mdani, koma pano tisadzinamize. Kafukufuku wamkulu wa ku Chikwawa ndi Karonga anapeza kuti kupereka mbaula zamakono kokha sikunachepetse chibayo mwa ana. Mbaula imapulumutsa nkhuni ndi kuchepetsa ngozi za moto, koma chifuwa cha mwana chimafunanso khitchini yapadera yopita mphepo, kusamubereka kumbuyo pophika mu utsi, katemera wa chibayo yemwe anayamba mu 2011, ndi kuthamangira kuchipatala akayamba kupuma mobanika.

Boma linayesapo kuthandiza kudzera mu ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo, yomwe inayamba mu ulamuliro woyamba wa Pulezidenti Peter Mutharika. Inkafuna kufikira mabanja 80 m'dera la phungu aliyense pa chaka, kutanthauza mabanja 15,440 m'dziko la makomo pafupifupi 4 miliyoni. Ngakhale ikanayenda popanda chokhota, sikanafika pa ambiri a ife. Palinso mfundo yovuta: njerwa zowotcha zimadya mitengo yomwe imasunga madzi. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zotere pa zomanga zake ndi pa nyumba zikuluzikulu za malonda. Tikamamanga nyumba yabwino potentha nkhalango, tikukonza denga uku tikuphwetsa chitsime. Zidina zoumbidwa bwino, maziko okwera ndi khonde lotalika loteteza khoma ku mvula ndi njira yomwe mthumba mwathu mungakwanitse.

Nanga ife a kunyanja?

Kwathu mavutowa ali ndi nkhope yawoyawo. Dothi ndi lamchenga, madzi ali pafupi, ndipo chimbudzi chimagwa msanga kuposa kumapiri. Dzenje lozungulira, lopapatiza, lomangidwa mkati ndi njerwa kapena nsungwi zolukidwa limapirira, ndipo liyenera kukhala patali ndi chitsime komanso kumunsi kwake. Pa madoko pomwe asodzi amasonkhana miyezi ingapo m'zisakasa, anthu mazana amadalira chimbudzi chimodzi kapena nyanja yomwe, n'kumamwa madzi omwewo. Ndi pomwe kolera amayambira kawirikawiri, ndi pomwe likodzo limazungulira. Komiti ya padoko yomwe imatha kutolera ndalama za zinthu zina ikhozanso kumanga ndi kusamala chimbudzi.

Tinenenso za masikito mosabisa. Tonse tawaona akukokera usipa, akuyanikira nsomba, akutchinga dimba. Njala ndi yomwe imachititsa, ndipo sitikunyoza munthu. Koma masiku omwe sikito ina inkabwera mosavuta mwina akutha. Yomwe ili pakhomo isokedwe ikang'ambika, ichapidwe mosamala ndi kuyanikidwa pamthunzi, ndipo ana ndi amayi oyembekezera akhale oyamba kugonamo.

Pa mizikiti ndi pa madrasa athu pamasonkhana anthu ambiri tsiku lililonse, ndipo tonse timagwira madzi. Mtsuko umodzi womwe aliyense amaviikamo kapu ukhoza kugawa matenda kwa jamaa yonse. Ndowa ya kampopi, madzi othira klorini, sopo pafupi ndi chimbudzi, ndi ngalande yochotsa madzi kuti asadikhe n'kuswa udzudzu, ndi zinthu zomwe komiti ingakonze ndi chopereka cha Lachisanu limodzi kapena awiri. Chimodzimodzi pa ukwati, pa sadaka ndi pa maliro: kusamba m'manja mothirirana, osati m'beseni limodzi.

Mjigo uliwonse ukhale ndi komiti yamoyo ndi kabuku ka ndalama komwe aliyense angakaone. Mlangizi wa zaumoyo ngati alibe pokhala, mudzi umuumbire njerwa. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo tikakumana ndi phungu kapena khansala, tisamangopempha malata a munthu mmodzimmodzi. Tifunse kuti ndalama za chitukuko cha dera zakonza mijigo ingati, chidikiro cha pachipatala chili ndi madzi kapena ayi, ndipo ndani akuteteza nkhalango yomwe mitsinje yathu imachokera.

Chomaliza ndi kulemba. Lamulo latsopano la kalembera linakhazikitsidwa mu 2010 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo tsopano kubadwa ndi kumwalira kwa munthu aliyense kuyenera kulembetsedwa. Komabe imfa zambiri za pakhomo sizifika m'buku. Ife timaika maliro mwachangu, ndipo ndi bwino kutero. Koma tikabwerako kumanda, wina m'banja apite kwa mfumu ndi kwa mlangizi kukanena amene wamwalira, zaka zake ndi momwe anadwalira. Ana atatu akamwalira ndi kutsegula m'mimba mwezi umodzi m'midzi yomwera chitsime chimodzi, buku ndi lomwe lingaonetse msanga, wachinayi asanadwale. Makolo a ku Ntcheu ndi athu omwe anakhala zaka zoposa 60 pansi pa boma lomwe linkawerenga nyumba zawo koma osawerenga ana awo. Ife tili ndi ufulu wowerengedwa, ndipo tisautaye ndi manja athu.

Thandizo la kunja tiliyamikire pomwe lilipo, ndipo boma tilikumbutse udindo wake wogula mankhwala ndi katemera, chifukwa zimenezo banja silingapange lokha. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mvula isanayambe, aliyense azungulire nyumba yake: aone mpata wa pansi pa denga, aone chivindikiro cha mtsuko, aponde pa chimbudzi amve ngati chili cholimba. Allah atipatse thanzi, ateteze ana athu, ndipo awachitire chifundo onse omwe anatitsogolera.